Foni Yochokera M'manja mwa Wina: Zoyenera Kuona Ndalama Isanatuluke M'thumba

Kumapiri a Angónia ndalama imabwera ndi nyengo yake. Imafika fodya akakwera pa sikelo, chimanga ndi soya zikalowa m'matumba, malole odzaza mbatata ya kachewere akayamba kutsetsereka kulowera ku Tete. Miyezi imeneyi, kuyambira mu Epulo mpaka chisanu cha Julaye chitadutsa, ndi pamene malata atsopano amawala pa madenga, njinga zamoto zimachuluka m'misewu ya fumbi, ndipo mnyamata amene chaka chonse wakhala akubwereka foni ya alamu ake amayamba kufunsa mitengo. Ya m'katoni kawirikawiri imamukanika. Imene dzanja lake lingafikire ndi yoti inagwirapo kale ntchito kwa munthu wina.

Ku Fonte Boa, mishoni imene ansembe a Chijezuiti anatsegula mu 1945 m'dera lomwe lero ndi boma la Tsangano, kufupi ndi Ulónguè, mafoni otere amafika kudzera njira zingapo. Ena amakwera ndi maminibasi otchedwa chapa kuchokera mumzinda wa Tete, ku msika wa Kwachena ndi malo ena. Ena amaoloka kuchokera ku Malawi, pa Calómuè moyang'anizana ndi Dedza, pa Biri-Biri, kapena pa Lizulu pomwe msewu womwewo ndiwo malire ndipo metikali ndi kwacha zimayendera limodzi. Ena amabwera mu Disembala m'zikwama za anyamata ochokera ku Joni. Aliponso a pamudzi pomwepo: mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ikapepuka uku sukulu ikufuna makope ndi yunifolomu, munthu amene anagula foni pokolola amaigulitsa pamtengo wongotaya.

Kugula foni yotere si kulakwa ayi. Foni yabwino ya zaka ziwiri ikhoza kuposa yatsopano yotchipa pa kamera, pa liwiro ngakhalenso pa kulimba. Chovuta n'chakuti kuno munthu akapusitsidwa alibe kothawira. Wogulitsa wa pa tsiku la msika, dzuwa likapendeka wanyamuka, ndipo sabata yamawa ali ku msika wina. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wa makilomita opitirira 200, ndipo Lilongwe, ngakhale ali pafupi kuposa apo, ali kuseri kwa malire. Komanso foni lero ndi chikwama cha ndalama. Chiyambire mKesh mu 2011, M-Pesa ya Vodacom mu 2013, ndi e-Mola ya Movitel, kampani imene inayamba ntchito mu 2012 n'kukweza nsanja zake mpaka kumidzi, malipiro a mbatata, fizi ya mwana wogonera kusukulu ndi thandizo la pamaliro zonse zimadutsa m'kachipangizo kameneka. Kakafa pakati pa malonda, si macheza okha amene amaima.

Anthu a kuno sagula ng'ombe ya pangolo poona kusalala kwa chikopa. Amayamba afunsa khola lomwe yachokera, aitana mboni, kenako ayang'ana mano ndi ziboda, n'kuimanga pa goli kuti aone ngati imakoka. Foni imafuna ndondomeko yomweyo: umwini poyamba, mphamvu pambuyo, maonekedwe kumapeto. Ogula ambiri amayambira kumapeto kuja. Amatembenuza foni kuwiri, aona kuti ilibe mng'alu, ajambula chithunzi chimodzi, basi ayamba kuwerenga ndalama.

Wogula wochenjera amapita masana, ali ndi nthawi yosachepera theka la ola. M'thumba amatenga simukhadi yake yokhala ndi mayunitsi ndi bandulo, chaja, pawabanki ngati pamalopo palibe magetsi, mahedifoni, memorekhadi, kapini kotulutsira simukhadi, pepala ndi cholembera. Ngati za mafoni sazidziwa bwino, amatengana ndi mdzukulu kapena mphunzitsi wodziwa, osati mnzake wa wogulitsayo.

Foniyi mwini wake ndani?

Foni iliyonse padziko lapansi ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Munthu akaimba *#06# nambalayo imaoneka pa sikirini nthawi yomweyo, popanda mayunitsi ngakhale netiweki. Foni yolowa masimukhadi awiri imakhala ndi ma IMEI awiri. Manambala 8 oyambirira amaperekedwa ndi bungwe la GSMA, lomwe limasonkhanitsa makampani a mafoni a m'mayiko onse, ndipo ndi amene amanena kampani yopanga ndi mtundu wa foniyo. Nambala yomaliza imachokera m'masamu a zinzake zonse, kuti munthu akalakwitsa polemba zidziwike.

Nambala imeneyi iyenera kufanana paliponse pamene yalembedwa: pa sikirini, m'kati mwa Settings, kapena Definições ngati foniyo ili m'Chipwitikizi, pa katoni ngati ilipo, ndi pa kachomata ka pansi pa batire mu mafoni otsegula kumbuyo. Zikasiyana, ndiye kuti katoniyo ndi ya foni ina, kapena m'kati mwa foniyo munasinthidwa, kapena wina anasintha nambalayo dala kuti abise kumene yachokera. Pa intaneti pali masamba aulere ofufuzira IMEI. Foni imene pa chikuto palembedwa Samsung koma IMEI yake ikutchula kafoni ka mabatani ka kampani ina, yadziulula yokha.

Funso lakuti foniyi munaigula kuti, ndipo mukuigulitsiranji, si lachipongwe. Mwini weniweni amayankha mosavuta. Amadziwa kumene anaigula, amadziwa tsiku limene inagwa pa njinga, amatsegula loko yake osaganiza kawiri. Amene akuyang'ana uku ndi uku, akufulumizitsa malonda, ndipo mtengo wake ndi wotsika mochititsa mantha, ndi wofunika kumusiya. Malamulo a Mozambique ali ndi mlandu wotchedwa receptação, wolandira kapena kugula katundu wakuba, ndipo ku Malawi nako ndi mlandu. Simukhadi ikangolowa mu foni, kampani ya netiweki imaona IMEI yake, choncho apolisi akamatsata foni yobedwa amafikira amene waigwira lero, osati amene anaiba. Wogulayo amaluza foni, amaluza ndalama, n'kutsala ndi ntchito yofotokoza kumene anaitenga.

Ku South Africa foni yobedwa ikanenedwa, makampani a kumeneko amaitseka kuti isagwirenso netiweki. Yotereyi ikhoza kugwira ntchito bwinobwino kuno, koma tsiku limene mwini watsopano adzapite nayo ku Johannesburg kukafuna ganyu, idzangoti zii.

Maloko osaoneka ndi maso

Msampha umene wagwira anthu ambiri ndi wa akaunti. Kuyambira pa Android 5.1, ya mu 2015, kampani ya Google inaika chitetezo chakuti foni ikafufutidwa mokakamiza, poyatsanso imafunsa imelo ndi pasiwedi ya munthu amene ankaigwiritsa ntchito. Apple inayamba zofananazo mu 2013 pa iOS 7, ndipo loko wake, Activation Lock, ndi wolimba koposa: iPhone yomangidwa ku akaunti ya iCloud ya munthu wosadziwika imangothandiza ngati gwero la zipangizo zokonzera ina. Cholinga chinali kugwetsa mphwayi akuba. Koma kumudzi lokoyu amagwiranso anthu osalakwa, chifukwa ambiri akaunti yawo anawatsegulira ndi mnyamata wa pamsika tsiku logula foni, ndipo pasiwedi inapita naye. Mayi wachilungamo akhoza kugulitsa foni yakeyake, wogula n'kukaifufuta kunyumba, m'mawa mwake onse awiri n'kupezeka atagwira chitsulo chosatseguka.

Njira yake ndi imodzi, ndipo imachitika onse awiri ali pamodzi. Wogulitsa asunge kwina zithunzi ndi manambala ake, achotse akaunti ya Google m'kati mwa Settings, achotsenso ya Samsung kapena ya Xiaomi ngati ilimo, achotse loko wa pa sikirini, kenako afufute foni yonse kudzera mu Settings momwemo. Pa iPhone azimitse Find My n'kutuluka mu iCloud. Foni ikayakanso, wogula alowetse simukhadi yake, ayatse intaneti, n'kudutsa masitepe onse oyambira mpaka afike pa sikirini yaikulu. Ikapanda kufunsa dzina la munthu wina, khomo limenelo latseguka.

Pamenepa ndi pamene pamamveka mawu ozolowereka aja akuti, achimwene musadandaule, akakuflashirani pa Ulónguè. Nthawi zina okonza mafoni amathadi kulambalala loko pa mafoni akale, koma ndi ndalama ina, ulendo wina, ndipo foni yoflashidwa mwachisawawa imatha kutaya netiweki kapena kukana mapulogalamu a banki. Ngati wogulitsa akukhulupirira kuti n'zosavuta, akaflashitse yekha, malonda adzachitike foni ikutseguka.

Loko wachiwiri ndi wa ngongole. Makampani monga M-KOPA, amene amagwira ntchito ku Kenya, Uganda, Nigeria, Ghana ndi South Africa, komanso PayJoy, amapereka mafoni olipira pang'onopang'ono. M'kati mwake mumakhala pulogalamu yotseka foni patali munthu akalephera kulipira. Foni yotere ikhoza kuoneka yabwinobwino tsiku la malonda chifukwa sabata imeneyo yalipiridwa, n'kudzatseka patapita masiku, pa sikirini patalembedwa ndalama imene yatsala. Kufufuta sikuchotsa lokoyu. Chizindikiro chake chimaoneka foni ikafufutidwa n'kulumikizidwa pa intaneti: imayamba kudziikira yokha pulogalamu, kapena kulemba kuti ikuyang'aniridwa ndi kampani inayake. N'chifukwa chake wogulitsa wokana kuti intaneti iyatsidwe ndi wokayikitsa.

Wachitatu ndi loko wa netiweki. Mafoni ena otchipa ogulidwa m'masitolo a ku South Africa, komanso ambiri ochokera ku America, amalola simukhadi ya kampani imodzi yokha. Ikalowa ya Movitel kapena ya Tmcel, foni imapempha nambala yotsegulira. Ngakhale yolembedwa Vodacom ya ku South Africa si kuti ingolandira Vodacom ya kuno. Kuyesa kokha ndiko kumathetsa nkhani.

Netiweki ya kumapiri

Kuno netiweki imasewera ndi zitunda. Pamwamba pa mtunda Movitel yadzaza, kutsikira kudimba yasowa, kuyandikira malire foni yayamba kukoka TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Ambiri ochita malonda a mbatata, kabichi ndi tomato amasunga masimukhadi awiri, ya kuno ndi ya kutsidya, ndipo kwa iwo malo onse awiri olowetsa simukhadi ndi ofunika. Wogula ayese malo oyamba, aimbe, alandire, kenako asamutsire simukhadi yomweyo pa malo achiwiri n'kubwereza. Aimbenso *150# ya M-Pesa kapena *898# ya e-Mola kuti aone ngati mndandanda ukubwera msanga.

Njira yabwino yodziwira mphamvu ya foni pokoka netiweki ndi kuiika pambali pa ina yodziwika, zonse zili ndi simukhadi ya kampani imodzi. Ngati inayo yadzaza pomwe yogulidwayo ili ndi kamzere kamodzi, waya wa eriyo m'kati unaduka kapena wokonza wina sanaubwezeretse bwino. Aonenso ngati chizindikiro cha 4G chikubwera pamalo pomwe foni inayo ikuchionetsa. Mafoni opangidwira msika wa ku America, Japan kapena China nthawi zina sakhala ndi mafunde ena amene makampani a kuno amagwiritsa ntchito, makamaka otsika aja amene amafika kutali. M'tauni vutolo silioneka, limadzaonekera kumudzi.

Batire ndi chisanu cha Juni

Batire ya foni imakalamba ngakhale itasamalidwa chotani. Apple imanena kuti batire ya iPhone 14 ndi zam'mbuyo mwake inapangidwa kuti ikatchajidwa modzaza ka 500 itsale ndi mphamvu pafupifupi 80 pa 100 iliyonse. Munthu wotchaja tsiku ndi tsiku amafika pa 500 chaka ndi theka chisanakwane. Ndiye foni ya zaka zitatu imene sinasinthidwepo batire, ngakhale wogulitsa alumbire, siingasunge moto ngati kale.

Kumapiri kuno nkhaniyi ndi yaikulu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, nyumba zambiri zilibe magetsi a kampani ya EDM. Kutchaja kumadalira kasola ka padenga kapena kulipira pa golosale, ndipo masiku a mitambo ndi nkhungu sola imapereka moto wochepa. Chachiwiri ndi kuzizira. Dera lonseli lili pamwamba, phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julaye zala zimachita kuuma. Batire yotopa ikazizidwa imalephera kutulutsa mphamvu, foni n'kuthima ikuonetsa 30 kapena 40. Yoyesedwa masana padzuwa la pamsika ikhoza kubisa matenda amenewa.

Pa iPhone pali malo otchedwa Battery Health osonyeza mphamvu yotsala, ndipo pa Samsung pulogalamu ya Samsung Members imayeza batire. Pa mafoni ena kuyesa kwake ndi kwa manja: kulemba nambala ya moto poyamba, kukweza kuwala mpaka kumapeto, kuonetsa kanema kapena kujambula vidiyo kwa mphindi khumi, n'kuonanso. Kutsika pang'ono n'kwachibadwa. Kutsika ndi 10, kudumpha kuchoka pa 60 kufika pa 45, kapena kutentha kumsana mpaka dzanja kumva, ndiye kuti batire yatha. Ikalumikizidwa ku chaja n'kuthamanga kudzaza m'mphindi zochepa, imeneyonso si nkhani yabwino, chifukwa yodzaza msanga chotero imakhala kuti malo ake osungira moto achepa.

Foni igonekedwe pa tebulo losalala. Ngati ikugwedera, kapena chikuto cha kumbuyo chatukuka, kapena sikirini yayamba kusiyana ndi thupi m'mbali, batire yatupa. Imeneyo si ya kutsitsirana mtengo, ndi ya kuisiya. Mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 ndi kusiya kuwapanga chifukwa mabatire ake ankayaka, ndipo makampani a ndege anawaletsa. Amenewo anali atsopano. Batire yotupa yotchajidwa usiku pa mphasa, m'nyumba ya denga la udzu momwe mwagona ana, ndi ngozi yeniyeni.

Polowetsa chaja payesedwenso. Chingwe chilowe n'kugwira, ndipo chikagwedezedwa pang'ono moto usaduke. Nthawi zina vuto limakhala fumbi ndi ulusi wa m'thumba zomwe zimachoka ndi kamtengo kosongola, koma pena mano a m'kati anatha.

Sikirini, madzi ndi mawu

Sikirini ndi chipangizo chodula kwambiri posintha, makamaka ya mtundu wa AMOLED imene imapezeka pa ma Samsung ambiri apamwamba. Pa mafoni ambiri a Samsung kuimba *#0*# kumatsegula malo oyesera mitundu, kukhudza, sipika ndi kunjenjemera. Pa ena, chithunzi choyera mbee chimaonetsa madontho akuda, chikasu cha m'mbali ndi zithunzithunzi za zilembo zakale zimene zinapsera pa sikirini, ndipo chakuda bii chimaonetsa kuwala kotuluka m'makona. Poyesa kukhudza, wogula agwire kachizindikiro ka pulogalamu imodzi n'kukakoka pang'onopang'ono m'mbali zonse ndi pakati. Pamene kathawe chala, pamenepo ndi pakufa. Alembenso uthenga wogwiritsa ntchito zilembo zonse, chifukwa malo akufa akagwera pa manambala, PIN ya M-Pesa siilembeka.

Sikirini yosinthidwa si tchimo ngati wogulitsa wanena ndipo mtengo watsika. Imadziwika ndi guluu wotuluka m'mbali, kampata pakati pa galasi ndi thupi, ndi kuwala kofooka. Atuluke nayo panja: foni ya mlimi imawerengedwa padzuwa. Pa iPhone za zaka zaposachedwa, kuyambira pa iOS 15.2, foni yokha imalemba mu Settings ngati batire, sikirini kapena kamera zinasinthidwa ndi chipangizo chosadziwika.

Madzi ndi mdani wobisala. Foni yonyowa ndi mvula pa njinga yamoto, kapena yogwera mu ngalande ya kudimba, imatha kuuma n'kugwira ntchito milungu ingapo dzimbiri likudya m'kati. Mafoni ambiri a Samsung ndi iPhone ali ndi kadontho koyera m'kati mwa malo olowetsa simukhadi, kamene kamafiira kakakhudza madzi. Kuunika ndi tochi kumakaonetsa. Nkhungu m'kati mwa galasi la kamera, ndi zobiriwira polowetsa chaja, zimanenanso zomwezo.

Zotsalazo zimayenda msanga. Aimbire munthu n'kufunsa ngati akumveka bwino, foni ili pakhutu komanso pa sipika yaikulu. Poimbapo sikirini iyenera kuthima ikayandikira khutu, apo ayi tsaya limadula foni. Ajambule mawu n'kuwamvetsera. Ajambule pepala lolembedwa ndi kamera ya kumbuyo ndi ya kutsogolo, aone ngati zilembo zikuwerengeka, chifukwa kamera imeneyo idzajambula chiphaso, risiti ndi tsamba la chimanga lodwala lotumiza kwa mlangizi. Mabatani onse, tochi, Wi-Fi, Bluetooth, powerenga chala ndi memorekhadi ziyesedwe. Wokonda kumvera Rádio Moçambique ya ku Tete m'Chinyanja kapena wailesi ya ku Ulónguè alowetse mahedifoni, amene amagwira ntchito ngati eriyo, aone ngati foniyo ili ndi FM, pakuti mafoni ambiri odula alibe.

Manambala a pa katoni

Msika wa mafoni mu Africa watsogoleredwa kwa zaka zambiri ndi Transsion, kampani ya ku Shenzhen ku China imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix. Kwa wogula wa ku Fonte Boa, kuchuluka kwa mafoni amenewa kuli ndi phindu lake: batire, sikirini ndi chikuto chake zimapezeka pafupi, ndipo okonza anawazolowera. Foni yapamwamba ya mtundu wosowa ikasweka, chipangizo chake chimadikira munthu wopita ku Lilongwe kapena ku Maputo.

Manambala olembedwa pa katoni afunika kuwerenga mofatsa. Pakalembedwa RAM ya 8GB, pansi pake tizilembo ting'onoting'ono n'kuti 4+4, RAM yeniyeni ndi 4, inayo ndi yobwereka ku malo osungira zinthu ndipo siithamanga mofanana. Alipo mafoni achinyengo enieni, ooneka ngati Galaxy kapena iPhone yatsopano, amene mu Settings amalemba 256GB kapena 512GB pomwe m'kati muli malo ochepa kwambiri. Amadziwika ndi kuchedwa potsegula zinthu, kamera yosaoneka bwino, magalasi a kamera ongokongoletsa, ndi mtengo wosagwirizana ndi dzina. IPhone imene ikutsegula Play Store m'malo mwa App Store si iPhone. Mu Play Store momwemo, pa Settings, pali mzere wonena ngati foniyo ndi yovomerezeka ndi Google.

Mafoni ambiri a Huawei otuluka kuchokera kumapeto kwa 2019, dziko la America litaika ziletso pa kampaniyo, alibe Play Store ndi mapulogalamu ena a Google, ngakhale ali olimba ndi a kamera yabwino. Ukalamba nawo uli ndi malire: mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi 6 Plus. Mu Settings mumaoneka mtundu wa Android ndi tsiku limene foni inalandira chitetezo chomaliza, ndipo zimenezo zimathandiza kuyerekeza zaka zake kuposa pakamwa pa wogulitsa.

Foni imene ikuonetsa zotsatsa malonda yokha, kapena kudziikira mapulogalamu itangofufutidwa kumene, ikhoza kukhala ndi kachilombo kozama. Mu 2020 ofufuza a Secure-D anapeza pulogalamu yoipa pa mafoni a Tecno W2 pafupifupi 53,000 ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, imene inkadya bandulo ndi kuyesa kulembetsa eni ake ku ntchito zolipira iwo osadziwa. Transsion inati vutolo linalowera kwa wina wowagulitsa zipangizo, ndipo inatulutsa chokonzera.

Mtengo, pepala ndi mboni

Zolakwika zimene zapezeka zimagawika pawiri. Zina n'zotsitsira mtengo: batire yofooka koma yosatupa, mng'alu wa pakona, chaja chosowa, sipika yolira mokhotakhota. Zina n'zothetsa malonda: IMEI yosagwirizana, akaunti ya munthu wina, loko wa ngongole, chizindikiro cha madzi, kusakoka netiweki. Pa zoyambazo, wogula afunse kaye kwa wokonza mtengo wa chipangizocho, awonjezere ndalama ya ntchito ndi ya ulendo wopita ndi kubwera, n'kuphatikiza pa mtengo wa foni. Chiwerengero chimenecho ndicho achiyerekeze ndi mtengo wa itel kapena Tecno yatsopano ya m'sitolo, yomwe imabwera ndi chaja, risiti ndi chitsimikizo cha kampani. Nthawi zina yakaleyo imapambana ndithu, nthawi zina kusiyana kumachepa mpaka kusakhalanso chifukwa choikira ndalama pachiswe.

Akagwirizana, pepala lilembedwe: tsiku, mtundu wa foni, ma IMEI onse, mtengo, mayina a onse awiri ndi nambala ya chiphaso cha BI kapena ya khadi yovotera ya wogulitsa, ndiponso mawu akuti foni ikaonetsa vuto lobisika m'masiku amene agwirizana, ndalama ibwerera. Mboni isayine. Pamudzi, anyakwawa kapena mkulu wina wodziwika akaona malondawo, mkangano wa mawa umakhala ndi poyambira. Kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola kumasiya uthenga wokhala ndi dzina la wolandira, tsiku ndi ndalama, ndipo dzinalo liyenera kufanana ndi la pa chiphaso chimene waonetsa.

Simukhadi ya wogulitsa isatsale mu foni, ngakhale aipereke ngati basera. Bungwe la INCM, loyang'anira za mafoni ku Mozambique, limafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, monganso MACRA ku Malawi. Nambala ya m'dzina la wina ndi ya wina: iye akhoza kupita ku kampani ndi chiphaso chake, n'kutenga simukhadi ina ya nambala yomweyo pamodzi ndi ndalama zonse zili mu akaunti.

Kunyumba, mwini watsopano atsegule akaunti ya Google iye ali pomwepo, pasiwedi ailembe m'kope losungidwa m'nyumba, ndipo aike loko wa pa sikirini wosiyana ndi PIN ya ndalama. Masiku oyamba aigwiritse ntchito mwamphamvu, aiyese m'mawa kukuzizira, kudimba ndi kumunda, nthawi yobweza isanathe. Pepala la IMEI lisungidwe pamodzi ndi ziphaso za banja, osati m'chikuto cha foni. Foniyo ikadzabedwa, ulendo woyamba ndi wa ku kampani ya netiweki kukatseketsa simukhadi chifukwa ndalama zili kumeneko, ndipo wachiwiri ndi wa ku polisi, komwe adzafunse manambala 15 aja ndi umboni wakuti foniyo inagulidwa.